Chitenje chosachapa: nkhani zopeka za atsikana oferedwa ndi ovutika maganizo

Chaka china ndinauza ana anga a Fomu 2 kuti aliyense alembe nkhani yopeka, mutu asankhe yekha. Ambiri analemba zomwe tinazolowera: mnyamata wosamva za makolo amene anagwidwa ndi ng'ona ku Shire, mtsikana wokonda ndalama amene anatenga mimba n'kusiya sukulu, kumapeto kwake mwambi. Ndinkachonga madzulo pakhonde, ndipo nditafika pa kope lina ndinaika cholembera pansi. Munali nkhani ya masamba awiri, ya mtsikana amene mayi ake anamwalira, iye n'kubisa chitenje chawo pansi pa mphasa kuti azakhali ake asachichape. Usiku anzake akagona ankachitulutsa n'kufunda kumutu. Chinkamveka utsi wa nsomba ndi mafuta omwe mayiwo ankadzola. Tsiku lina poweruka kusukulu anachipeza chili pachingwe, chikudontha madzi, chikununkhira sopo. Nkhani inathera pomwepo, yopanda mwambi.

Wolemba wake anali mwana wofatsa wokhala kumbuyo, amene ife aphunzitsi tinali titayamba kumunena kuti walowa ulesi, chifukwa ankagona padesiki ndipo mayeso anali atayamba kumuvuta. Mayi ake anali atatisiya miyezi 8 m'mbuyomo. Kumaliroko ndinapita, ndinapepesa, ndipo mumtima mwanga nkhaniyo inali itatha. Kwa mwanayo inali isanathe, ndipo malo okhawo amene anapeza oti ainenere anali nkhani yopeka. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganizira nkhani za mtundu umenewu, mmene zimagwirira ntchito, pamene zimathandiza ndi pamene zimapweteka.

Kumayiko monga America ndi Britain, m'masitolo a mabuku mumakhala shelefu yakeyake ya nkhani zolembera ana a zaka za pakati pa 12 ndi 18. Mtundu umenewu unakhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene olemba anayamba kukamba za achinyamata mosapsatira: ndewu, umphawi, mabanja osweka, imfa. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti zonse zimaonedwa ndi maso a mwanayo. Nthawi zambiri mwininkhani ndiye amene akufotokoza, ndipo palibe wamkulu wolowerera kudzatimasulira tanthauzo. M'zaka makumi awiri zapitazi mabuku ambiri a pashelefu imeneyi akhala okamba za atsikana oferedwa, atsikana a nkhawa yosatha, amene asiya kudya, kapena amene akudzivulaza okha.

Kwathu kuno, amene tinaphunzira kale timakumbukira timabuku ta Pacesetters, tomwe kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977. Tinkabwerekana mpaka chikuto kuthothoka, koma tinali ta m'Chingerezi ndipo tambiri tinali ta chikondi ndi umbanda. M'Chichewa tili ndi nkhani zazifupi za m'manyuzipepala, masewero a pawailesi ndi mabuku a kusukulu, ndipo atsikana alimo ambiri. Koma taonani ntchito imene timawapatsa. Mtsikana amakhala chenjezo kwa anzake. Izi tinatengera ku nthano, zoyamba ndi "padangotelo" n'kutha ndi phunziro, ndipo nthano ine ndimazikonda. Vuto n'lakuti mwana woferedwa sanalakwe kanthu koti ena aphunzirepo. Wolemba akaumirira phunziro, amamupangira cholakwa, apo ayi amamusandutsa mwana wamasiye wangwiro amene mayi omupeza amamuzunza, iye n'kulimbikira sukulu mpaka kudzakhala dokotala. Mwana weniweni, amene amakwiyira malemu mayi ake chifukwa chomusiya, amene amachita nsanje mnzake akamaitanidwa ndi mayi ake, akawerenga nkhani yotere amangoona kuti iye ndi woipa.

Kuti munthu alembe bwino za mtsikana woferedwa wa ku Mangochi, ayenera kuyamba wayang'anitsitsa maliro athu. Timati maliro n'kulirana, ndipo n'zoona: anthu amabwera ndi ufa, nkhuni, chipepeso, amagona pasiwa. Koma onani amene amapepesedwa. Ndi mwamuna wa malemu, mayi awo, alongo awo. Mtsikana wa zaka 14 ali kumjigo kutunga madzi a alendo, kapena ali kuseri kutsuka mbale, mng'ono wake ali kumsana. Wamkulu akamuona amangoti, "Limba mtima mwanangu, tsopano mayi wa panyumba ndiwe." Kwa Asilamu, omwe ndi ambiri m'boma lino, maliro sachedwetsedwa. Munthu akamwalira m'mawa, madzulo jeneza yanyamulidwa, ndipo opita kumanda ndi amuna. Mtsikana wa sukulu yogonera komweko akhoza kufika atakwirira kale. Mwambowu uli ndi nzeru zake zosamalira anamfedwa: pali sadaka, pali arubaini ya tsiku la 40 imene imasonkhanitsanso abale, ndipo mkazi wamasiye ali ndi eda yake ya miyezi inayi ndi masiku khumi. Akhristu nawo ali ndi kwaya usiku wonse, ndipo patapita nthawi amadzamanga chiliza. Koma mwana wamkazi alibe nthawi yake yoikika yolirira. Lolemba akuyembekezeka m'kalasi.

Ndipo imfa ya kholo sibwera yokha. Pakatha masiku, amalume amakhala pansi kugawa ana: wamkulu apite kwa azakhali ku Namwera, wamng'ono akakhale ndi anganga ku Malindi. Mtsikana amataya mayi, nyumba, mng'ono wake ndi anzake a kusukulu mwezi umodzi womwewo. Fizi imasowa. Wina amayamba kunong'oneza za banja, ngakhale malamulo a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asakwatiwe asanafike zaka 18. Choncho chisoni chake chimasakanikirana ndi funso lakuti sopo ndimupeza kuti, ndipo nkhani imene ingoonetsa misozi osaonetsa sopoyo sinafike kwathu.

Palinso imfa zina zimene ife a kunyanja timazidziwa bwino, zopanda thupi loti munthu alione. Mwera ukawomba mu Juni kapena Julayi, boti limene linapita usiku kukapha usipa limatha osabwerako, ndipo ena mwa alovi sapezeka. Abambo ena amamwalira ku Joni n'kuikidwa komweko chifukwa ndalama yobweretsera thupi yavuta, mwana n'kuona manda a bambo ake pa chithunzi cha pa WhatsApp. Ena samwalira n'komwe, amangotchona, foni n'kusiya kugwira. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, ndipo maliro ambiri ankayendetsedwa ndi azaumoyo, mwachangu, abale osasambitsa thupi monga mwa mwambo. Katswiri wina wa ku America, Pauline Boss, anafotokoza kuti kutaya munthu kopanda chitsimikizo kotereku kumavuta mwapadera, chifukwa mtima umalephera kusankha pakati pa kulira ndi kudikira. Mtsikana amene m'mawa uliwonse amasuzumira kudoko maboti akamakocheza sanasokonezeke mutu. Palibe chimene maso ake anaona chomuuza kuti asiye kudikira.

Olemba ambiri, ngakhale a kunja, amagwa m'mbuna imodzi. Anamva kuti chisoni chili ndi masitepe asanu: kukana, kukwiya, kunyengerera, kukhumudwa, kenako kuvomereza. Maganizo amenewa anachokera kwa dokotala Elisabeth Kübler-Ross mu 1969, koma iye ankafotokoza za odwala amene auzidwa kuti matenda awo sachizika, osati za anamfedwa. Nkhani yotsata masitepewa imamveka ngati silabasi: mutu woyamba akukana, wachiwiri wakwiya, womaliza akumwetulira pamanda. Mu 1999 akatswiri awiri a ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, anafotokoza zoyandikira kwambiri zimene ndimaona mwa ana. Iwo anati woferedwa amapita uku ndi uku: nthawi ina ali ndi malemu mumtima, nthawi ina watanganidwa ndi moyo umene watsala, ndipo zonse ziwiri n'zofunika. Zili ngati mwana wochokera kunyanja ndi ndowa yaikulu. Amasenza, khosi likatopa amatula pansi pa mtengo, kenako amasenzanso. Mtsikana amene akuseka pabwalo la netibolo patangotha milungu itatu chiikire mayi ake, anthu amati sizinamukhudze, pomwe iye wangotula pang'ono. Ana amatula pafupipafupi kuposa akuluakulu, ndiye chifukwa chake timawanamizira kuti aiwala msanga.

Chitenje chija nachonso chili ndi malo ake m'maphunziro a zachisoni. Kale akatswiri ankaganiza kuti kuchira ndi kuiwala malemu. Masiku ano ambiri amavomereza zomwe makolo athu ankadziwa pamene ankatcha khanda dzina la agogo ake omwalira: ubale sutha, umangosintha. Kusunga nambala ya foni ya malemu, kuwalota, kuwayankhula mumtima popita kumayeso, zonsezi si matenda.

Matenda alipo, koma, ndipo apa ndi pamene wolemba ayenera kudziwa zimene akulemba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa ana 7 alionse a zaka za pakati pa 10 ndi 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo pafupifupi theka la mavuto otere limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Ana akatha msinkhu, matenda a kukhumudwa amagwira atsikana pafupifupi kawiri kuposa anyamata. Madokotala amayamba kuwaganizira matendawa munthu akakhala wokhumudwa kapena wosasangalatsidwa ndi kanthu pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, pamodzi ndi kusowa tulo kapena kugona kwambiri, kusintha kadyedwe, kutopa, ndi kulephera kusunga zinthu m'mutu. Mwa achinyamata kawirikawiri saoneka ngati chisoni. Amaoneka ngati mwano, kupsa mtima ndi zazing'ono, kapena kungokhala ndwii. Ndipo ana athu samabwera n'kunena kuti ndakhumudwa. Amati mutu ukundipweteka, mtima ukuthamanga, m'mimba mukutentha. Popeza kuno kuli malungo, likodzo ndi kuchepa kwa magazi, zomwe nazonso zimafooketsa mwana, n'koyenera kuti achipatala ayambe ayeza zimenezo.

Nanga chisoni chimasiyana bwanji ndi matenda a kukhumudwa, popeza zonse zimachititsa munthu kulira? Wachisoni maganizo ake ali pa malemu. Ululu umabwera n'kupita, ndipo pakati pake amatha kumva kukoma kwa mango. Wodwala zonse zimangokhala zii, ndipo maganizo amatembenukira kwa iye mwini: ndine wachabechabe, ndine mtolo kwa azakhali, bola ndikanapita ndine. Mawu otsirizawa ndi amene ayenera kudzidzimutsa aliyense wowamva. Palinso chisoni chimene chimakanirira osasuntha. Mndandanda wa matenda wa WHO umene unayamba kugwira ntchito mu 2022 unachiika ngati vuto palokha: kulakalaka malemu kosalekeza kwa miyezi yoposa 6, kopyola zimene chikhalidwe cha munthuyo chimayembekezera, mpaka sukulu kapena ntchito kuima. Oferedwa ambiri safika pamenepa. Nkhani yabwino imamuonetsa wowerenga malire amenewa popanda kumuwerengera zizindikiro ngati positala ya pachipatala. Imangomuonetsa mtsikana amene wasiya kupesa tsitsi, amene mnzake wapamtima wamuitana katatu pampanda iye osatuluka.

Chimene chimatseka ana pakamwa ndi mawu. Tili ndi liwu limodzi lalikulu, misala, ndipo ukalitchula aliyense amaona munthu wa sanza wotola zinyalala kudepoti. Ana amanyozana kuti "tikakusiya ku Zomba," ponena za chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo. Mtsikana amene sakugona usiku amayang'ana munthu wa kudepoti uja, n'kudziyang'ana yekha, n'kuona kuti safanana. Ndiye amaganiza kuti sakudwala, wangokhala munthu wofooka. Komatu tili ndi mawu ena ofewa amene anthu amanena okha: akuganiza kwambiri, ali ndi nkhawa, mtima wake suli m'malo. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anayambira pa liwu la Chishona lakuti kufungisisa, lomwe tanthauzo lake ndi kuganiza kwambiri komweku, n'kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala kumamvetsera anthu ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Ntchito imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, inayenda chifukwa anthu ankamva dzina la vuto lawo m'chinenero chawo. Nkhani yopeka imatha kuchita zomwezo, ndipo ine ndimaona kuti iyi ndiyo ntchito yake yaikulu: kumupatsa mwana mawu apakati, oti asakhale "ndili bwino" komanso asakhale "ndapenga."

Kuno mtsikana akayamba kukomoka kapena kulankhula zosamveka, ambiri amati ndi majini, ena amati walodzedwa. Olemba ophunzira amakonda kusandutsa anganga okhulupirira zimenezi kukhala mbuli ya m'nkhani, kenako namwino n'kubwera kudzawaunikira. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa anganga amenewa ndi amene anagulitsa mbuzi yawo kuti mdzukulu apeze thandizo, ndi amene amadzuka pakati pa usiku kumufunditsa. Mwana wowerenga akaona agogo ake akunyozedwa m'buku, amatseka bukulo, kapena amatsekera agogowo mtima, ndipo zonse ziwiri n'zoluza. M'moyo weniweni banja limodzi lomwelo limapita kwa a shehe kapena abusa kukapempherera mwana, n'kupitanso naye kuchipatala. Wolemba asonyeze zimenezo, koma asabise kuti kuchedwa kupita kuchipatala kumawononga. Asasokonezenso zinthu: khunyu ndi matenda a ubongo amene ali ndi mankhwala ake, si misala ndipo sapatsirana, ndipo malungo aakulu amatha kubwebwetetsa mwana amene maganizo ake ali bwinobwino.

Tsopano pali mbali imene nkhani ikhoza kupha. Mu 1774 Goethe wa ku Germany analemba buku la mnyamata wotchedwa Werther amene anadzipha chifukwa cha chikondi, ndipo kunamveka mbiri yakuti achinyamata ena akumutsanzira. Patapita zaka 200, mu 1974, katswiri David Phillips anasonyeza kuti nkhani za kudzipha zikalembedwa mokokomeza m'manyuzipepala, chiwerengero cha odzipha chimakwera, ndipo anatcha mchitidwewu dzina la Werther uja. Mu 2017 kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti ya Netflix inaonetsa filimu ya zigawo ya 13 Reasons Why, yochokera m'buku la achinyamata, yokamba za mtsikana amene anadzipha n'kusiya mauthenga odzudzula amene anamulakwira. Akatswiri a zamaganizo anadandaula kwambiri, ndipo mu 2019 kampaniyo inachotsa gawo limene linkaonetsa imfayo mwatsatanetsatane. Chaka chomwecho WHO inatulutsa malangizo kwa opanga mafilimu ndi masewero. Mfundo zake n'zosavuta kumva. Wolemba asafotokoze njira imene munthu wadziphera. Asaonetse imfa ngati yankho, kapena ngati njira yobwezera, pamene onse amene anamuzunza akulira ndi kulapa pamaliro. Mwana wosweka mtima akawerenga zotere amaona kuti akafa ndiye adzamveka. Asanenenso kuti chinachititsa ndi chinthu chimodzi, monga kulephera mayeso kapena kukanidwa ndi chibwenzi, chifukwa sizikhala choncho, ndipo mwana aliyense wolephera mayeso angaone ngati njira yake ndi imeneyo. Ndikamaona anthu akugawana pa Facebook zithunzi ndi makalata a ana odzipha, mtima umandiwawa, chifukwa ana anga a m'kalasi amaziona pa mafoni a azichimwene awo.

Koma kukhala chete si chitetezo. Mu 2010 ofufuza a ku Vienna m'dziko la Austria, motsogozedwa ndi Thomas Niederkrotenthaler, anapeza kuti nkhani za anthu amene anafika poganiza zodzipha koma n'kupeza njira yopulumukira zimayendera limodzi ndi kutsika kwa chiwerengero cha odzipha. Choncho mwininkhani akhoza kufika kumapeto kwenikweni, akhoza kunena mawu oopsa aja, bola nkhani imuperekeze mpaka kutsidya. Ndipo kumufunsa mwana mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Nthawi zambiri kumamupeputsa. Mpangankhani mmodzi wolimba mtima kufunsa funso limenelo akhoza kuphunzitsa owerenga ambiri kulifunsa.

Kutsidyako wolemba asafikeko mwachinyengo. Mabuku ambiri a kunja amachiritsa mtsikana ndi mnyamata: wabwera wina womumvetsa, basi dzuwa latuluka. Kuno bodza limeneli n'loopsa kwambiri, chifukwa womumvetsa amene amafika kwa mwana wamasiye kawirikawiri ndi bambo wa ndalama za nsomba kapena wobwera kuchokera ku Joni ndi foni yatsopano. Kuchira kwenikweni kumayenda pang'onopang'ono ndipo kumadutsa mwa anthu wamba: mnzake amene sanatope kuitana pampanda, mayi wa gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu, mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, kenako chipatala. Ku chipatala cha boma kumakhala anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo ambiri amathandizidwa n'kubwerera kwawo osafika ku Zomba. Kwa achinyamata thandizo loyamba limakhala uphungu, kukambirana mobwerezabwereza. Mankhwala amabwera matenda akakula, ndipo amatenga milungu ingapo asanayambe kuonetsa mphamvu, zimene zimagwetsa ulesi mabanja ambiri n'kusiyira panjira. Palinso nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene bungwe la YONECO limayendetsa, yomwe mwana akhoza kuimba. Ndipo ngakhale wachira, masiku ena amabwerera. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, magombe a Mangochi amadzaza ndi mabasi a anthu obwera kudzasangalatsa amayi awo. Wolemba wodziwa ntchito yake sangalumphe tsiku limenelo.

Buku si mankhwala, ndipo mwana wodwala kwambiri nthawi zina satha n'komwe kuwerenga tsamba limodzi. Chimene nkhani imapereka ndi kamtunda. Ndikafunsa kalasi kuti ndani ali ndi chisoni, onse amayang'ana pansi. Ndikawerenga nkhani n'kufunsa kuti mtsikana wa m'nkhaniyi akumva bwanji, manja amakwera, ndipo amene amayankha mozama kwambiri ndimadziwa kuti sakunena za m'bukumo. Imathandizanso amene sanaferedwe, kuti mnzawo akakhala ndwii asamuthawe. Koma kuti zitheke, mwana adzione. Mtsikana wa m'mabuku a kunja ali ndi chipinda chakechake chotsekera chitseko n'kulira, ndi phungu amene amakumana naye Lachiwiri lililonse. Wathu amagona pamphasa imodzi ndi ana atatu, ndipo malo ake olirira ndi kubafa kapena panjira ya kuchigayo. Kunyumba ambiri amayankhula Chiyao, ndipo mawu otsiriza amene mayi ake anamuuza anali a m'Chiyao, choncho wolemba asaope kuwasiya momwemo pakati pa Chichewa. Mabuku ndi odula ndipo malaibulale a m'sukulu zathu zoyendera ndi osauka, koma nkhani yotere ikhoza kuyenda pa foni, ikhoza kuwerengedwa mokweza pakalabu ya atsikana, ikhoza kumveka pa wailesi za m'dera monga Dzimwe. Pamene ikuwerengedwa pakhale wamkulu wokonzeka kutsalira ndi mwana amene sadzuka msanga anzake akamatuluka.

Mwana wa chitenje uja ndinamuitana anzake ataweruka. Sindinafunse za magiredi. Ndinati, "Mwanangu, chitenje chija chinali chamtundu wanji?" Anayang'ana pawindo nthawi yaitali, kenako anati, "Chobiriwira, madamu. Cha maluwa achikasu." Tinakhala mpaka mlonda anabwera kudzatseka makalasi. Zimene anandiuza tsiku limenelo zinandionetsa kuti pafunika achipatala, osati ine ndekha, ndipo anavomera kuti ndikalankhule ndi azakhali ake.

Ndinawapeza Loweruka akutembenuza usipa pathandala. Ndinkayembekezera mayi wouma mtima wa m'nkhani zathu zija. Ndinapeza mayi wotopa, wa ana ake anayi ndi awiri a malemu mchemwali wawo. Anamvetsera zonse manja ali m'nsomba, ndipo za kuchipatala anavomera msanga, anati apita naye Lolemba. Nditatchula za chitenje anasiya ntchito n'kukhala pansi pamchenga.

"Aphunzitsi, ine ndinkadziwa kuti chili pansi pa mphasa," anatero. "Ndikamasesa m'mawa ndinkamva fungo la achemwali anga. Miyezi yonseyi. Tsiku limenelo ndinalephera kupirira."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kenako anandifunsa ngati mwanayo angalole kuti awerenge nkhaniyo.